Ukhondo wa Ziwiya ndi Malo Ogwiragwira Pakhomo: Kabuku ka Mabanja a ku Chikwawa ndi Nsanje

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Amayi ambiri kuno kuchigwa amalawirira kusesa. Dzuwa likamatuluka, pabwalo pamakhala pali mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Koma pakhomo posesedwa bwino chomwecho mwana amatsegulabe m'mimba, ndipo makolo amadabwa kuti matenda alowera pati. Tizilombo toyambitsa matenda sitioneka ndi maso, ndiponso sitikhala paliponse mofanana. Timachuluka pa zinthu zochepa zimene manja, chakudya ndi chimbudzi zimakumanirana: chikho chotungira madzi, mbale ya mwana, mthiko, chitseko cha chimbudzi, mkeka umene khanda limakwawapo. Kabuku kano kakunena za zinthu zimenezi.

Kwathu kuno vutoli limakula pa zifukwa zodziwika. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene nthawi zina kumapitirira madigiri 40, kumasasitsa chakudya msanga ndipo ntchentche zimaswana kwambiri. Mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, choncho mabanja ena amakatunga ku Shire kapena m'zitsime zosatetezedwa. Dothi lamchenga limagwetsa zimbudzi mvula ikangolimba. Ndiye pali madzi osefukira. Anthu a ku Makhanga, Bangula, Chiromo, Nchalo ndi midzi ya m'mbali mwa Ruo ndi Mwanza amakumbukira chaka cha 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi madzi anadutsa m'zimbudzi ndi m'makola asanalowe m'nyumba za anthu.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu opitirira 58,000 m'dziko muno ndipo unapha oposa 1,700. Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Kupatula kolera, njira yomweyi ya manja, chakudya ndi madzi oipitsidwa ndi imene kamwazi, taifodi, njoka za m'mimba ndi kutsegula m'mimba kwa ana zimadzera. Mwana wotsegula m'mimba pafupipafupi amanyentchera ngakhale pakhomo pali chakudya.

Pali umboni wochokera konkuno woti zinthu zikhoza kusintha. Mu 2018 akatswiri a ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS, pamodzi ndi a ku yunivesite ya Strathclyde, anayendetsa ntchito yotchedwa Banja la Ukhondo m'midzi ina ya ku Chikwawa. Analimbikitsa zinthu wamba: kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka ziwiya ndi sopo, kuziika pamalo okwera, kutenthetsa chakudya chotsala ndi kutaya chimbudzi cha ana moyenera. M'midzi imene inatsatira zimenezi, kutsegula m'mimba kwa ana kunachepa.

Yambani ndi izi

Sopo ndi wodula ndipo madzi amachokera kutali. Palibe banja lingatsuke chilichonse tsiku ndi tsiku. Zikachepa, tsatani ndondomeko iyi kuyambira pamwamba:

1. Manja a wophika ndi wodyetsa mwana.
2. Kapu, mbale ndi supuni ya mwana wamng'ono.
3. Chikho chotungira, chivindikiro ndi kukamwa kwa ndowa kapena mtsuko wa madzi akumwa.
4. Mpeni, lichero, thabwa kapena mbale imene mwakonzerapo nsomba ndi nyama.
5. Mkeka wodyerapo ndi wosewererapo ana.
6. Chitseko cha chimbudzi, chivindikiro cha padzenje ndi pansi pozungulira dzenjelo.

Kusesa pabwalo ndi kwabwino, koma ngati mwatsala ndi kachidutswa ka sopo, kasungireni zinthu zili pamwambazi. Zovala zikhoza kudikira mawa.

Kutsuka kumayamba, mankhwala amabwera pambuyo

Anthu ambiri akalandira kolorini amaganiza kuti akangowaza basi, ntchito yatha. Kolorini akakumana ndi matope, mafuta kapena zotsalira za chakudya, mphamvu yake imathera pa litsirolo, tizilombo n'kutsala tamoyo. Choncho chotsani litsiro kaye, kwechani ndi sopo, tsukuluzani, kenako thirani mankhwala ngati pakufunika kutero. Masiku wamba, pamene pakhomo palibe wodwala, sopo, madzi abwino ndi dzuwa n'zokwanira pa ziwiya zambiri.

Kutsuka ziwiya

- Tsukani mukangotha kudya. Mbale zogona ndi nsima zimaitana mphemvu ndi makoswe usiku, ntchentche m'mawa.
- Palani zotsalira mutayire kudzala kapena mupatse ziweto kutali ndi khitchini.
- Konzani mabeseni awiri, lina la madzi a sopo, lina lotsukuluzira. Madzi otsukuluzira akhale oti inu mungamwe. Kutsuka bwino kenako n'kutsukuluza m'madzi a kumtsinje osathira mankhwala ndi kubwezera tizilombo pa mbale.
- Yambani ndi ziwiya za mwana ndi makapu madzi akadali oyera. Mapoto abwere pomaliza.
- Sopo akasowa, kwechani ndi phulusa loyera la pamoto wa tsiku lomwelo. Phulusa limachotsa mafuta ndipo ndi labwino kusiyana ndi madzi okha, ngakhale silifika pa sopo. Musagwiritse ntchito dothi kapena mchenga wa pabwalo pamene nkhuku ndi mbuzi zimayenda.
- Musapukute ndi chitenje chimene mwavala. Chitenje chomwecho mwaberekera mwana, mwapukutira thukuta ndi mamina ake. Siyani ziwiya ziume zokha padzuwa.

Chinkhupule kapena kasaka kokwechera nakonso kamasunga tizilombo chifukwa kamakhala konyowa tsiku lonse. Mukamaliza, katsukeni, kafinyeni, mukapachike padzuwa. Kakayamba kununkha kapena kuterera, katayeni.

Ziwiya zamtengo zimafuna diso. Tengani mthiko wanu muuyang'anitsitse pafupi: m'ming'alu yake mumapezeka nsima yakale yoderako, youma gwa. Chimodzimodzi chipande ndi m'mphepete mwa lichero. Kwechani motsatira mng'aluwo, thirani madzi owira, muyanike. Mthiko wong'ambika kwambiri usinthidwe. Mtondo muziuvundikira kapena kuugoneka pamalo okwera, chifukwa nkhuku zimakonda kukwerapo n'kusiya zitosi mmene mawa mudzasinjiremo mapira kapena nsinjiro.

Thandala

Thandala ndi chida chachikulu pa nkhani yonseyi, ndipo silifuna ndalama. Likhale lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kupitirira pang'ono, kuti agalu, nkhumba ndi mbuzi zisanyambite mbale. Limangeni poti dzuwa limawomba, kutali ndi chimbudzi ndi khola. Pansi pake kumbani kadzenje muthiremo miyala kapena zidutswa za njerwa kuti madzi azilowa pansi, asapange chithaphwi. Mabanja ena amamanga la nsanjika ziwiri, pamwamba mbale zotsuka, pansi mapoto. Ndi nzeru yabwino.

Vundikirani mbale ndi makapu poyanika. Zikauma, zilowetseni m'nyumba muziike mu beseni lovindikira kapena mudengu lophimba ndi nsalu yoyera. Mphepo ya m'chilimwe imanyamula fumbi la pabwalo, choncho mbale zisakhale pathandala tsiku lonse. Chiswe chikadya mitengo, musadikire kuti thandala ligwe. Abambo ndi anyamata, ntchito iyi ndi yanu.

Ndowa ndi mtsuko wa madzi akumwa

Madzi akhoza kuchoka pamjigo ali abwino n'kuipira m'nyumba. Mtsuko umaziziritsa madzi, n'chifukwa chake timaukonda kuno kotentha, koma kukamwa kwake n'kwakukulu ndipo aliyense amapisamo dzanja. Mwana wochokera kosewera amatenga kapu yomwe inagwa pansi, n'kuviika pamodzi ndi zala zake.

- Tsukani ndowa kapena mtsuko ndi sopo musanathiremo madzi atsopano. Musamangowonjezera pamwamba pa akale.
- Chigubu chokamwa pang'ono thiranimo madzi a sopo ndi timiyala toyera, khutchumulani mwamphamvu, tsukuluzani. Ndere zobiriwira za mkati zichoke.
- Vindikirani nthawi zonse, ndipo chotengeracho chikhale pamalo okwera.
- Gwiritsani ntchito makapu awiri: yotungira ya chogwirira chachitali, ndi yomwera. Yotungira isapite pakamwa, ndipo izipachikidwa pamsomali.
- Mukatha kupeza ndowa yokhala ndi kampopi, ndiye yabwino koposa.
- Musaike masamba pamwamba pa madzi pochokera kotunga.
- Thirani WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo motsatira muyeso umene mwauzidwa, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera. Mankhwala akasowa, wiritsani mpaka abwadamuke.

Nsomba ndi nyama

Nsomba za ku Dambo la Njovu, ku Ndindi ndi mu Shire ndi ndiwo zathu za masiku onse. Zikapsa bwino sizidwalitsa. Choopsa ndi madzi ake ndi matumbo ake pamene zili zaziwisi. Mpeni umene mwatumbulira mlamba usadule tomato wodya wosaphika kapena mango a mwana usanatsukidwe ndi sopo. Lichero lopetera ufa lisakhale lokonzerapo nsomba. Mamba ndi matumbo akwirireni nthawi yomweyo. Mukapha nkhuku, chitani chimodzimodzi, ndipo sambani m'manja musanagwire china chilichonse.

Mkute ndi phala lotsala zivindikiridwe, ndipo zitenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke musanapatse mwana. Kungofunditsa sikupha tizilombo.

Pansi, mkeka ndi pamene mwana amakwawa

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Khanda la miyezi isanu ndi itatu limakwawa pakhonde, limagwira chitosi cha nkhuku chouma, kenako dzanja lomwelo limapita kukamwa. Palibe amene waona, ndipo mawa lake mwana wayamba kutsegula.

- Sesani zitosi ndi ndowe m'mawa mwana asanatsike kumsana, ndiponso madzulo.
- Musanasese pansi pa dothi, wazani madzi pang'ono kuti fumbi lisabuke n'kugwera pa chakudya.
- Zirani pafupipafupi ndi dothi lochokera pamalo oyera, kutali ndi kumene anthu amadzithandizira. Musasakanize ndi ndowe. Pansi posalala, popanda ming'alu, pamasesedwa mosavuta ndipo utitiri umasowa pobisala.
- Pansi pa simenti kolopani ndi madzi a sopo. Chikolopa muchichape ndi kuchiyanika, chisagone m'ndowa.
- Mwana akhale ndi mkeka wakewake wosewererapo ndi kudyerapo. Ukutumuleni ndi kuuyanika padzuwa tsiku lililonse. Akaukodzera kapena kuuipitsira, uchapeni ndi sopo.
- Nkhuku, abakha ndi ana a mbuzi asagone m'nyumba yogona anthu. Tikudziwa kuti ambiri amatero poopa akuba ndi afisi, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Mangani khola lolimba pafupi ndi nyumba, poti mukhoza kumva phokoso usiku.

Pali chikhulupiriro choti chimbudzi cha mwana wakhanda n'chosaopsa. Si zoona. Chimakhala ndi tizilombo tochuluka. Chiwoleni msanga ndi khasu kapena fosholo, mukataye m'chimbudzi, ndipo palani dothi la pamalopo. Matewera achapidwe mu beseni lakelake, madzi ake atayidwe m'chimbudzi. Beseni limenelo lisasambitsirenso mbale. Matewera ogula otaya asaponyedwe kuthengo kapena mumtsinje, kumene agalu amawakoka n'kubwera nawo pakhomo. Akwirireni mozama.

Chimbudzi ndi mpondagiya

Ntchentche yotuluka m'dzenje la chimbudzi ndi yomweyo imatera pa nsima. Dzenje likhale ndi chivindikiro chokwana bwino, cha chogwirira chachitali. Sesani m'chimbudzi tsiku lililonse ndi tsache lake losalowa m'nyumba, ndipo wazani phulusa pozungulira dzenje ndi mkati mwake kuti fungo ndi ntchentche zichepe. Chogwirira cha chitseko chipukutidwe ndi madzi a sopo. Ngati pakhomo la chimbudzi pali chiguduli kapena thumba, lichapeni kawirikawiri, poti aliyense wotuluka amaligwira asanasambe.

Chimbudzi chikhale pamtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pachitsime, ndiponso kumunsi kwake. M'dothi lamchenga, funsani alangizi a zaumoyo za njira yolimbitsira dzenje ndi njerwa kapena nsungwi zoluka, ndipo kwezani pansi pake kuti madzi a mvula asalowe.

Panja pa chimbudzi pakhale mpondagiya wosambira m'manja, wokhala ndi madzi ndi sopo. Mpondagiya wouma, woikidwa kuti alangizi akabwera aone, sateteza aliyense. Patsani mwana mmodzi wamkulu udindo wothiramo madzi m'mawa uliwonse. Sopo akamabedwa kapena kudyedwa ndi mbuzi, mubooleni pakati mumumangirire chingwe, kapena sungunulani sopo waufa m'botolo la madzi loboola pachitsekero.

Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye ndi musanadyetse mwana. Pa chakudya, sambani mothirirana. Beseni limodzi loyamba ndi abambo n'kuthera kwa mwana wamng'ono limapatsa mwanayo litsiro la banja lonse.

Kasungunulidwe ka kolorini

Kolorini amafunika kwambiri pakhomo pakakhala wotsegula m'mimba, m'mudzi mukagwa kolera, kapena madzi osefukira akaphwa. Pali miyeso itatu. Gwiritsani ntchito kapu imodzimodzi poyeza zonse.

*Wamphamvu kwambiri, wa 2%.* Ndi wothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Sungunulani masupuni aakulu 2 osasefukira a kolorini waufa wa HTH mu lita imodzi ya madzi. Ngati muli ndi Jik wa 3.5%, sakanizani makapu 4 a Jik ndi makapu 3 a madzi.

*Wapakati, wa 0.2%.* Ndi wa pansi pa simenti, zitseko, ndowa, mabeseni ndi ziwiya za wodwala. Tengani kapu 1 ya wamphamvu uja muthire makapu 9 a madzi. Kapena kapu 1 ya Jik wa 3.5% pa makapu 16 a madzi.

*Wofatsa, wa 0.05%.* Ndi wosambira m'manja ndi kuviikamo zovala. Tengani kapu 1 ya wapakati muthire makapu 3 a madzi.

Mukathira pa chinthu, pakhale ponyowa kwa mphindi 10 musanatsukuluze. Wapakati ndi wofatsa asungunulidwe watsopano tsiku lililonse chifukwa kutentha ndi dzuwa zimamuchotsa mphamvu.

Chenjezo:

- Miyeso itatuyi si ya madzi akumwa. Musamwe ngakhale wofatsayo.
- Musasakanize kolorini ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, viniga kapena mankhwala a mbewu. Pamatuluka mpweya wopweteka m'mapapo.
- Sungunulirani panja kapena potsegula mawindo, m'chotengera cha pulasitiki. Chachitsulo chimachita dzimbiri.
- Musasunge m'botolo la zakumwa. Ana amamwa poyesa madzi. Lembani chizindikiro, ikani pamwamba, pamthunzi.
- Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse. Mupatseni madzi, muthamangire naye kuchipatala.

Pakhomo pakakhala wodwala

Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga, yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo nyamukani. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi chaching'ono cha m'dera lanu, cha boma ku Chikwawa, Ngabu kapena Nsanje, Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula kapena Trinity ku Muona. Azimwabe ali m'njira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Otsala pakhomo achite izi:

1. Sankhani munthu mmodzi wosamalira wodwala ndi kukonza pamene waipitsa. Ameneyo asaphikire banja.
2. Valani magolovesi, kapena majumbo osabooka m'manja, musanagwire zoipa.
3. Thirani kolorini wa 2% pa chimbudzi ndi masanzi, dikirani mphindi 15, mukataye m'chimbudzi.
4. Pansi pa dothi sipatsukika. Thirani kolorini, palani dothi lonyowalo ndi khasu, mukataye m'dzenje la chimbudzi, kenako zirani mwatsopano.
5. Zovala ndi zofunda ziwiritseni kapena ziviikeni mu kolorini wofatsa kwa mphindi 30, muchape ndi sopo, muyanike padzuwa. Musakachapire kumtsinje, pamjigo kapena pachitsime.
6. Mphasa yoipitsidwa kwambiri itenthedwe.
7. Kapu ndi mbale ya wodwala zikhale zakezake.
8. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu tsiku lomwelo.

Munthu akamwalira ndi kolera, thupi lake limakhalabe ndi tizilombo tambiri. N'zowawa kulephera kusambitsa m'bale wako monga mwa mwambo, koma lolani a zaumoyo atsogolere mwambo wonse, ndipo pamaliro otero pasaphikidwe chakudya cha gulu.

Katemera wa kolera wakumwa anaperekedwa ku Nsanje mu 2015 madzi atasefukira, ndipo wakhala akuperekedwanso m'zaka zotsatira. Akabwera, landirani. Koma katemerayu sateteza ku kamwazi kapena matenda ena otsegula m'mimba, choncho zonse zili m'kabuku kano zipitirire.

Kubwerera kunyumba madzi akaphwa

Musathamangire kulowa. Yang'anani kaye zipupa, chifukwa nyumba ya zidina yonyowa imagwa mwadzidzidzi. Gogodani ndi ndodo m'makona ndi pansi pa katundu poopa njoka. Ana atsale kaye kumene munathawira.

- Valani nsapato zotseka kapena majombo. Amene ali ndi bala asagwire matope.
- Tulutsani katundu yense panja. Kokolani matope onse akadali ofewa.
- Tsegulani zitseko ndi mawindo kuti nyumba iume musanayambe kugonamo.
- Ufa, mpunga, mapira ndi chakudya chilichonse chimene chakhudzana ndi madziwo chitayidwe. Kutaya chakudya m'nyengo yotere n'kopweteka mtima, koma kuyanika sikuchotsa zimene madziwo anadutsamo.
- Ziwiya zonse zitsukidwe ndi sopo, ziviikidwe mu kolorini wapakati kwa mphindi 10, zitsukuluzidwe. Zamtengo ziwiritsidwe.
- Pansi pa dothi palani pamwamba pake, dikirani paume, muzire ndi dothi latsopano.
- Ziweto zakufa zikwiriridwe kutali ndi madzi. Musadye nyama yake.
- Chitsime kapena mjigo umene unamira usagwiritsidwe ntchito pomwa mpaka a zaumoyo atauthira mankhwala. Ngakhale pamenepo, tetezani madzi anu kunyumba.
- Chimbudzi chikagwa, kwirirani dzenje lakale ndipo kumbani china, ngakhale chongoyembekezera, musanayambe kukonza zina.

Amene ali m'misasa, m'sukulu kapena m'matchalitchi, kumene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, agawane masiku otsuka ndipo banja lililonse lisunge makapu ndi mbale zake.

Zolakwika zofala

- Kutsuka mbale ndi madzi okha pofuna kusunga sopo wochapira.
- Kuika mbale zotsuka pansi kapena mu beseni lomwe munali zakuda.
- Nsalu imodzi yopukutira tebulo, manja ndi mbale.
- Kuthira kolorini wochuluka poganiza kuti agwira bwino. Amawononga khungu ndi zovala, ndipo amatha msanga.
- Kugwiritsa ntchito kolorini wosungunula kale amene wakhala padzuwa masiku angapo.
- Kuiwala foni ya m'manja, imene imapita kumunda, kumsika ndi kuchimbudzi, kenako n'kupatsidwa kwa mwana kuti atonthole. Ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi a sopo, itazimitsidwa.
- Kuleka zonse mliri ukangotha.

Mwezi wa Okutobala usanathe, mvula isanayambe, yenderani pakhomo panu pamodzi ndi banja lonse. Onani ngati thandala lili lolimba, ngati chimbudzi chili ndi denga ndi chivindikiro, ngati mpondagiya akugwira ntchito. Sungani sopo mmodzi, botolo la WaterGuard ndi mapaketi angapo a Thanzi m'jumbo lomanga bwino, pamalo okwera pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, kuti tsiku lothawa madzi mudzanyamule zonse pamodzi. Kolorini mukamufuna, funsani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi.